Mzere wa Che Bwanali

Ku Vila Cabral, tauni imene lero tikuitcha Lichinga, mwamuna wolephera msonkho anali ndi misewu iwiri, wokaukumba ndi wothawira. Wokaukumba unali chibalo. Asipayo, apolisi a Apwitikizi, ankabwera m'mudzi ndi chingwe, shefi wa posito, mkulu wa boma m'deralo, n'kukutumiza kukaswa miyala, ndipo ukafooka unkalandira mbalamatodya, thabwa lobooka lomenyera m'manja. Ine ndinasankha wothawira. Ndinasiya mkazi woyembekezera, munda wa mbatata ya kachewere, ndi mng'ono wanga amene analonjeza kuyang'anira zonsezo.

Tinanyamuka m'nyengo yachisanu, amuna a m'midzi yoyandikana, Asilamu ndi Akhristu. Wotitsogolera anali Che Bwanali, Myao wa imvi m'ndevu, amene anali atapitako kale ku Rodeshiya. Tinalambalala Mandimba kudzera m'thengo n'kulowa Nyasalande. Ku Fort Johnston aliyense anatenga dzina latsopano ndi mudzi watsopano, chifukwa chitupa cha Unyasa chinkatsegula njira, pamene ife othawa tikanabwezedwa.

Msewu wa ku Halale umadutsanso m'dziko la Apwitikizi, pa Tete. Tisanaoloke Zambezi, Che Bwanali anatichenjeza.

"Msipayo akakupatsani moni wa Chipwitikizi, muzimuyang'ana ngati ng'ombe. Woyankha wadzimanga yekha."

Pagulu pathu panali Tome, mwana wa katekisita, munthu wa pakamwa popanda chitseko.

"Ambuje, kuyang'ana ngati ng'ombe ndikutha," anatero Tome. "Kukhala chete ndiye ayi."

"Ndiye uzibzikula."

Anamupatsa chinangwa chouma. Tome anaoloka Zambezi akutafuna, ndipo palibe msipayo anamufunsa kanthu.

Tinalembedwa pa famu ya fodya chakum'mawa kwa Halale. Nyumba za m'komboni tinamanga tokha, za mitengo ndi udzu. Phoso linali ufa, nyemba ndi mchere, nyama mwa apo ndi apo. Ntchito inali ya mgwazo. Kapitawo amakulozera mizere yako m'mawa. Ukaimaliza, tikiti yako idindidwa. Ukapanda kumaliza, tsiku limenelo silinachitike. Kapitawo wake anali Zuze, wa ku Tete, amene anatizindikira tsiku loyamba lomwe. Ankatitcha Anyasa abodza, koma sanatiulule. Antchito anagawidwa m'magulu, ndipo ife a kumapiri a Vila Cabral tinali gulu limodzi.

Anthu amaganiza kuti ochokera kumodzi amakondana okha. Si zoona. Miyezi yoyamba tinali gulu pa dzina pokha. Asilamu ankaphika kwawo, Akhristu kwawo, ndipo supuni ikasochera kuchoka uku kupita uko inkabala mlandu. Kumunda, amphamvu ankamaliza dzuwa lili pamutu n'kukagona pamthunzi, ofooka akulimbana ndi mizere mpaka kapitawo atachoka ndi chidindo chake. Mnzathu wina anadwala malungo, anataya masiku, ndipo mwini famu anamuchotsa. Lamulo la pa famupo linali lalifupi: wosamaliza mgwazo si wantchito. Tinamuona akutuluka pageti ndi bulangete lake.

Lamulungu lotsatira, m'mawa, Che Bwanali anatiitana tonse kuseri kwa nyumba yawo.

"Kwanu, mlendo akamabwera ndi mtolo, mumatani?"

"Timamuchingamira," anayankha wina.

"Mukamulandira mtolo, mumafika naye pakhomo n'kulengeza kuti uyu anatopa, ndamunyamulira ndine?"

"Ayi."

"Basi. Ndathera pomwepo."

Anali asanathere. Anafotokoza kuti kuyambira mawa lake, womaliza mizere yake asakhale pansi. Ayang'ane mzere umene watsalira, apite kumapeto kwake, ayambe kulima akubwera cha kwa mwini wake. Akakumana, aliyense asenze khasu lake. Pasakhale zikomo. Koposa zonse, pasakhale kutchula. Munthu sanena amene wamuchingamira, kumunda, m'komboni, ngakhale kumowa.

"Nanga waulesi?" anafunsa wina. "Tizimulimira tsiku ndi tsiku?"

"Waulesi amadziwika. Wodwala amadziwikanso. Maso muli nawo. Ine ndaletsa pakamwa pokha."

Anakonzanso za mphika. Nkhuku kapena mbuzi ikapezeka, azichinja iwowo mwa Chisilamu kuti tonse tidye. Chimene mmodzi sadya chisalowe mumphika wa gulu.

"Mbewa zako, Tome, uzikadyera kuseri kwa balani."

"Ambuje, Mulungu analenga mbewa tsiku lomwe analenga mbuzi."

"Analenganso kuseri kwa balani."

Woyamba kuswa lamulo anali Tome yemweyo. Tsiku lina pa chakudya anaseka mnzathu wina kuti, "Idya kwambiri, achimwene, mawa ndisakupezenso pakati pa mzere ukuwerenga nyerere." Che Bwanali sanakalipe. Anatenga mbale ya Tome n'kukaiika patali, pafupi ndi nkhuni. Tome anadyera pamenepo mpaka Loweruka, akutiyang'ana ngati galu wa eni ake. Sanatchulenso munthu.

Zinatenga nthawi, koma zinagwira. Gulu lathu linkalowa m'munda limodzi n'kutuluka limodzi. Palibe anatayanso tsiku. Ine ndemwe ndinadwalapo m'mimba nyengo ya kubandira. Ndinaweramira pakhasu, ndipo nditadzutsa mutu ndinaona msana wa munthu ukubwera kuchokera kumapeto kwa mzere wanga. Ndikumudziwa, koma sindimutchula.

Nyengo zinapita. Tinawokera, tinapalira, tinathyola, tinasonkhezera moto m'mabalani mpaka maso kufiira. Wobwerera kwathu tinkamupatsira nsalu ndi mabulangete. Ndinamva kwa wobwera kumene kuti mkazi wanga anabereka mwana wamkazi. Tinapangana kuti fodya wa chaka chimenecho akagulitsidwa, tidzabwerera tonse pamodzi.

Mvula isanayambe, Che Bwanali anapereka moni kwa mgolo.

Unali mgolo wamadzi, woimikidwa pafupi ndi nazale. Anaima, n'kunena mwaulemu, "Salamaleko." Tome anaseka mpaka kugwira m'mimba. Kenako analeka, chifukwa Che Bwanali anali akuyembekezerabe yankho.

Madzulo ake tinawayang'ana bwino. M'maso monse muwiri munali mutayera. Inali ng'ala. Anavomera kuti kwa nthawi ndithu ankaona ngati munthu wa m'nkhungu ya kwathu: kuwala ankakuona, mthunzi wa munthu ankauona, koma nkhope ayi, tsamba ayi.

"Mwini famu akadziwa, ndi pageti," anatero. "Ndipo njira ya kwathu si ya munthu wosaona."

Zimenezo tonse tinkazidziwa. Munthu wakhungu, yekha, wa chitupa cha dzina la eni, sakanafika ngakhale pa Tete. Chofunika chinali chimodzi: akhalebe pa famupo mpaka fodya atagulitsidwa, kuti tidzawagwire dzanja tokha mpaka kwawo. Povuta panali pa khasu, kupalira ndi kubandira. Tikangofika pa kusoka fodya, manja okha amakwana, ndipo manja awo anali abwino kuposa athu.

Tinachita motere. Chipewa chawo chinatsika mpaka m'nsidze. M'mawa ankayenda pakati pathu, phewa lawo likukhudza langa. Kumunda ankatenga mzere wa pakati pa ine ndi Tome. Phazi limodzi linkayenda m'khwawa kuti lisunge njira, khasu likupala m'mbali. Udzu wa patsinde pa fodya tinkazula ndife podutsa. Tome ankaimba tsiku lonse kuti iwo amve pamene tili, ndipo tikayandikira kumapeto ankasintha nyimbo. Omaliza msanga ankabwera kuchokera kutsogolo monga mwa masiku onse. Woona patali ankangoona gulu la anthu olima ndi mmodzi woimba moipa.

Mwini famu, mzungu wokalamba wa chikoti, sakanazindikira. Iye ankatimenya osatiyang'ana. Koma chaka chimenecho anadwala, ndipo famu anaisiya m'manja mwa mkamwini wake, mnyamata wochokera ku sukulu ya zaulimi. Ndinene zoona zake: ameneyu sanamenyepo munthu. Anakonzetsa chitsime cha m'komboni. Anaphunzira mawu ochepa a Chinyanja, ndipo limene ankalikonda linali "pamodzi". Tinamutcha Bwana Pamodzi. Vuto lake linali lakuti ankatiyang'ana.

Ankakwera pa chulu n'kuima pamenepo nthawi yaitali. Anaona kuti magulu ena amatuluka m'munda mmodzimmodzi ngati mbuzi zothawa m'khola, ena osamaliza n'komwe, pamene lathu limatuluka lonse nthawi imodzi. Anafunsa Zuze. Zuze anamuuza za kuchingamira, poganiza kuti akutichitira zabwino.

Loweruka lina masana, pa mzere wa phoso, Bwana Pamodzi anakwera pa ngolo n'kulankhula, Zuze akumasulira.

"Bwana akuti famu ino ndi banja limodzi."

"Ndiye atipatseko chipinda," ananong'ona Tome.

"Akuti dzanja limodzi silisenza denga. Akuti taonani gulu la Bwanali. Wamphamvu amathandiza wofooka. Akufuna mtima umenewu pa famu yonse."

Mawu amenewo ndawamvanso kambiri m'moyo wanga, m'Chipwitikizi ndi m'Chinyanja, m'maofesi ndi m'misonkhano. Ndikawamva ndimayang'ana kumene kwaima lole.

Kenako anaitana Che Bwanali kutsogolo kuti alandire mbendera yofiira, chizindikiro cha gulu lopambana. Ndinawagwira chigongono ngati wopereka ulemu kwa wamkulu, n'kuyenda nawo. Bwana anatsika pa ngolo, anatambasula dzanja. Che Bwanali anangoima. Dzanjalo linali m'malere, cha kumanja kwawo.

"Ambuje, ndi manja awiri!" anafuula Tome. "Kumanja kwanuko! Mwaiwala ulemu chifukwa cha mbendera?"

Anthu anaseka. Che Bwanali anatembenukira kumanja, manja awiri patsogolo, ndipo anapeza dzanja la mzungu. Bwana anasangalala kwambiri. Anatipatsanso mwendo wa ng'ombe. Ng'ombeyo inali yophedwa ndi mfuti, choncho sinalowe mumphika wathu. Tinasinthanitsa ndi nyemba kwa anthu a gulu lina.

Tinkayesa kuti zatha. Koma Zuze anakweza dzanja.

"Bwana sanamalize. Akuti kuyambira Lolemba gulu la Bwanali ligawidwa. Aliyense apita ku gulu lina kukaphunzitsa anzake. Akutinso tsiku lililonse, pomaliza ntchito, iye mwini azifunsa amene wathandiza mnzake. Wothandiza azilandira shuga."

Che Bwanali anali akadali kutsogolo, mbendera m'manja.

"Kapitawo, muwauze bwana kuti nkhuni zikamwazikana moto umazima."

Zuze anamasulira. Bwana anaseka, n'kuyankha mwachifatse.

"Akuti moto umapalidwa. Khala limodzi limayatsa nyumba ina."

"Wopala moto saphwasula mafuwa a mwini wake."

Zimenezi Zuze sanamasulire. Anangoti, "Bwana wamva. Bwererani pamzere, madala."

Mawa lake ine ndi Tome tinapita kwa Zuze. Tinamupeza akusoka nsapato pakhomo pake. Kunali koyamba kuti ine ndiswe lamulo lathu.

"Kapitawo, Che Bwanali saona," ndinatero.

"Mumayesa wakhungu ndine? Ndinadziwa mvula isanagwe. Munthu wanji amaimba tsiku lonse ndi mawu ngati a Tome popanda chifukwa?"

"Ndiye musawalekanitse ndi ife. Mmodzi yekha wa ife akhale nawo."

"Anagawa ndi bwana mwini, akuloza ndi chala. Ndikakamuuza kuti awa asalekane, afunsa chifukwa. Ndimuyankhe chiyani?" Analuma ulusi. "Awaika kwa Fayifi. Ndi munthu. Kalankhuleni naye."

Fayifi, mtsogoleri wa gulu lina, anali Mnyasa weniweni, wa ku Mulanje, wokhala m'komboni ndi mkazi ndi ana. Anamvetsera mpaka tinamaliza.

"Achimwene, musade nkhawa. Madalawo tiwasunga. Ifenso tili ndi makolo."

Ndipo anawasungadi. Izi ndiyenera kuzinena, chifukwa anthu a Fayifi sanali oipa. Anawaika pakati. Anawazulira udzu wa patsinde. Omaliza msanga ankathamangira kumapeto kwa mzere wawo. Pomaliza ntchito Bwana Pamodzi ankabwera ndi thumba la shuga ndi kachitini kopimira, n'kufunsa mwachimwemwe kuti wathandiza mnzake ndani. Manja ankakwera. Kenako ankafunsa funso lachiwiri, loti atsimikize kuti munthu sakunama: wathandiza yani?

Tinkagonabe kumalo kwathu kwakale ndi kudyera mumphika umodzi. Madzulo a tsiku loyamba tinawafunsa Che Bwanali mmene zayendera.

"Anthu abwino," anatero. "Akundichingamira bwino kwambiri. Koma akutchula."

Tinabwereranso kwa Fayifi.

"Musamawatchule," anatero Tome. "Thandizani, koma dzina ayi."

"Achimwene, mzungu waima pamaso panga akufunsa ndathandiza yani. Ndinene kuti ndathandiza mphepo?"

"Ndiye musakweze dzanja."

"Mwana wanga wamng'ono sanalawepo shuga chibadwire. Ndikauze anthu anga kuti alime mzere wa eni ake, shuga n'kumusiya m'thumba? Inu munazolowera. Ife tayamba Lolemba."

Tinagwirizana kuti azisinthasintha maina, lero atchule uyu, mawa uyo. Zinatheka tsiku limodzi. Wotchulidwa monama anakwiya, chifukwa aliyense ankadziwa tanthauzo la kutchulidwa: ndiwe wofooka, ndipo bwana wamva. Panabuka ndewu m'komboni. Dzina lokhalo limene mwini wake sankalikana linali la Che Bwanali.

Ku gulu limene ndinapitako ine, zinthu zinali zina. Tsiku lina nditamaliza mizere yanga ndinaona munthu watsalira. Ndinapita kumapeto kwa mzere wake n'kuyamba kulima, monga ndinazolowera. Anabwera akuthamanga, khasu m'mwamba.

"Choka pa mzere wanga. Ukufuna shuga pa dzina langa?"

"Sinditchula munthu ine."

"Onse amatero. Choka."

Ndinachoka. Munthuyo sanamalize, ndipo tsiku lake silinadindidwe. Kwa Tome zinalinso chimodzimodzi. Pa famu yonse anthu ofuna kuthandiza anachuluka, ofuna kuthandizidwa n'kusowa. Amphamvu ankayendayenda m'mphepete mwa munda kusaka wofooka ngati akabawi. Odwala ankabisa kudwala kwawo kwa anzawo kuposa mmene ankabisira kwa mzungu.

Che Bwanali anaona kumene zinkapita, ngakhale analibe maso. Madzulo ena anatulutsa mpeni wawo wochinjira n'kuupereka kwa Msilamu mnzawo wa m'gulu lathu.

"Uzinola mbali imodzi. Tome asaugwire, angachinjire mbewa."

Palibe anaseka.

"Fodya watsala pang'ono kupsa, ambuje," ndinatero. "Tikangoyamba kusoka, mwapulumuka."

"Mulungu akalola. Koma mumve izi nonse. Lamulo lathu silithera pa famu pano. Kumene mupite, pakamwa mutseke."

Tsiku limene zinachitika, gulu langa linkabandira tsidya lina la msewu wa mathirakitala, moyang'anana ndi munda wa Fayifi. Ndinaona zonse, koma mawu ndinawamva pambuyo pake kwa Fayifi. Bwana Pamodzi anali atamva dzina limodzi tsiku ndi tsiku, ndipo anadabwa kuti mtsogoleri wa gulu lopambana n'kukhala wothandizidwa ndi aliyense. Anabwera ntchito ili mkati. Anaima mwakachetechete patsogolo pa Che Bwanali, m'khwawa momwemo. Che Bwanali anapitiriza kulima mpaka khasu linagunda nsapato.

Bwana anawavula chipewa. Anayang'ana m'maso mwawo. Anagwedeza dzanja pamaso pawo.

Sanakalipe. Fayifi akuti mnyamatayo anaoneka wachisoni zedi. Anati, "Pepani, madala." Anati munthu wotere sayenera kugwira khasu, ndi nkhanza, ayenera kupita ku chipatala. Anawagwira dzanja yekha mpaka kumsewu. Lole ya pa famu inali ikupita m'tauni kukatenga feteleza. Anawapatsa bulangete latsopano, anasaina chitupa chawo kuti ntchito yatha, n'kuwakweza kutsogolo, pafupi ndi dalaivala, malo amene munthu wakuda wa m'munda sankakhalapo.

Ndinaponya khasu n'kuthamangira kumsewu. Zuze anandigwira malaya.

"Ukachoka pa mgwazo popanda chilolezo, ndiwe wothawa. Apolisi akakufunsa za mudzi wako wa ku Fort Johnston, ukawauza kuti mfumu yake ndani?"

Lole inadutsa pafupi nafe. Che Bwanali anakhala mowongoka, chipewa pamaondo, nkhope kutsogolo. Tome, kumunda kwake, anayamba kuimba nyimbo ija ya kumapeto kwa mzere. Ndinaona mutu wawo ukutembenukira kumene kunkachokera mawuwo. Kenako fumbi.

Tome anakapempha kwa bwana kuti mmodzi wa ife amasulidwe, akawaperekeze. Yankho linali lakuti fodya wapsa, manja onse akufunika, ndipo madalawo ali m'manja abwino. Chilolezo chopita m'tauni tinachipeza patapita milungu. Ku chipatala tinafunsa za Bwanali, ndipo anati kulibe munthu wotero. Tinachita kukumbutsana dzina la pa chitupa, limene anatenga ku Fort Johnston. Pamenepo wantchito wina anakumbukira. Anati dokotala anawaona, ananena kuti ng'ala yotere sachiza pamenepo, ndipo anawatulutsa. Mlonda wa pageti anati munthu wakhungu wa bulangete latsopano anakhala pansi pa mtengo masiku angapo, akufunsa odutsa ngati alipo wopita cha ku Tete. Tsiku lina sanamuonenso. Wina anati anatengedwa ndi apolisi kuti abwezedwe kwawo. Ngati n'zoona, anawatumiza kumudzi wa pa chitupa, kumene kunalibe munthu wowadziwa.

Tinafunsa kusiteshoni, kumsika, ku mzikiti wa m'komboni ya m'tauni. Tinabwerera ku famu opanda kanthu.

Shuga anatha fodya asanathe kuthyoledwa. Bwana Pamodzi analeka kufunsa mafunso ake. Zuze anatiuza kuti mnyamatayo anakhumudwa, ndipo ankauza azungu anzake kuti anayesetsa, koma anthu akuda sadziwa kugwirizana. Mbendera yofiira inatsala pa mtengo pafupi ndi mabalani mpaka inayera ndi dzuwa. Gulu lathu silinabwezeretsedwe. Tinkadyabe pamodzi, koma kumunda aliyense ankalima mzere wake.

Fodya atagulitsidwa tinanyamuka, monga tinapanganirana. Pa Tete tinayang'ana ngati ng'ombe popanda wotiuza. Ku Fort Johnston tinafunsa m'mudzi uja wa pa chitupa. Anati sanaonepo wakhungu aliyense.

Kwathu ndinapeza zosintha zambiri. Mwana wanga anandithawa posandidziwa. Munda wa kachewere unali utagawidwa. Mng'ono wanga, amene ndinamusiyira zonse, anali atavala yunifolomu ya usipayo, ndipo anandilangiza mwachikondi kuti ndikakhome msonkho wa zaka zonse ndisanaoneke kumsika. Koma zimenezo ndinaziona pambuyo. Choyamba chinali pamsewu.

Mbiri ya obwerera imathamanga kuposa miyendo yawo. Titayandikira kumene lero kuli Lulimile, tinaona anthu akubwera kudzatichingamira, akazi, ana, nkhalamba. Aliyense ankathamangira wake. Pakati pawo panali Abiti Saidi, akazi a Che Bwanali, mayi wamfupi wa nsalu yakuda kumutu. Anayang'ana nkhope zathu imodziimodzi. Anayang'ana kumbuyo kwathu, kumene msewu unkatsikira ku Mandimba. Kenako anabwera kwa ine, popeza anthu a kwathu anali asanafike, n'kundilandira sutikesi. Anaisenza pamutu.

Pamsewu safunsa malonje. Tinayenda chete, iwo patsogolo, ine ndi Tome pambuyo. Pakhomo pawo anatula sutikesi, anayala mkeka, anatipatsa madzi. Anakhala pansi chapatali pang'ono, miyendo yotambasula, n'kudikira.

Ndinafotokoza ndine. Ndinanena za ng'ala, za lole, za chipatala, za mtengo wa pageti, za mudzi wa ku Fort Johnston. Sanalire. Ankasalaza nsalu pa bondo ndi chikhatho.

"Bwanayo anawamenya?"

"Ayi, amayi. Anawapatsa bulangete."

Anagwedeza mutu, ngati bulangetelo ndi chinthu chofunika kuchisunga.

"Bambo anu aja sankafuna kunyamulidwa ndi munthu. Ngakhale atadwala, nkhuni ankasenza okha." Anandiyang'ana. "Ndiuzeni zoona, mwanangu. Maso atafa, anasanduka mtolo wanu?"

Ndinamva Tome akupuma pafupi nane.

"Ayi, amayi," ndinatero. "Mzere wawo ankamaliza okha."

"Tsiku lililonse," anatero Tome.

Abiti Saidi anaweramitsa mutu. Kwa kanthawi nkhope yawo inaoneka ngati ya munthu amene wapatsidwa kanthu. Kenako anadzutsa maso, n'kufunsa mofatsa, mosakwiya, ngati wofuna kungomvetsa.

"Nanga anawachotseranji?"

Ine ndi Tome tinayang'ana mkeka.